Zonse Zinkapita kwa Njovu

"Ndafufuza paliponse," anatero Tayi, maso ali pa sikirini. "Palibe ngakhale kope limodzi."

Mawaya, mayi wogwira naye ntchito, anali atangolowa kumene, chikwama chidakali paphewa. Anaima kumbuyo kwa mpando wa mnzakeyo n'kuwerama kuti aone. Tayi anali munthu wanthabwala, wobwera ku ntchito atamanga tayi ngakhale tsiku lokwawa pansi pa matebulo, ndipo dzinali analitolera pomwepo. M'mawa umenewo tayiyo inali itamasulidwa, ikulendewera cham'mbali ngati lilime la galu wotopa.

"Seva iti?"

"Ya a labotale aja, oyeza magazi. Disiki yafa. Ndaika yatsopano kuti ndibwezeretse zinthu zawo, koma ku Mvuu kulibe kanthu. Chiimangire sevayi, sinatumizeko kalikonse."

Kampani yawo inali yaing'ono, ya zipinda zochepa pamwamba pa sitolo ya mipando, ndipo ntchito yake inali kusamalira maseva, makompyuta aakulu osunga zinthu za makampani ena. Kufa kwa disiki, kachipangizo kosunga zinthu m'kati mwa seva, sinali nkhani yoti munthu n'kusiyira tiyi. Madisiki amafa. N'chifukwa chake seva iliyonse inkatumiza makope a zinthu zake tsiku ndi tsiku ku makina aakulu osungira, amene anawapatsa dzina loti Mvuu. Disiki ikafa unkaika ina, n'kukatenga kope, ntchito n'kupitirira.

"Tatsegula pulofailo yake," anatero Mawaya, ngakhale ankadziwa kale chimene aone.

Seva yatsopano sankaikonza pamanja. Ankaimanga kuchokera ku pulofailo, momwe munkalembedwa makonzedwe onse mzere ndi mzere: ndani aloledwe kulowa, wotchi yake iziyendera ya kuti, makope azipita kuti. Pamwamba pa mapulofailo onse panali imodzi imene ankaitcha kholo, ndipo kasitomala aliyense anali ndi yake, mwana wa khololo. Mwana akasiya mzere wopanda kanthu ankatengera wa kholo. Akalemba wakewake, wa kholo sunkamukhudzanso. Lamulo la mu ofesimo linali loti zimene zili zofanana kwa onse zizikhala mwa kholo, osamazibwereza mwa ana.

Tayi anatsegula. Mzere wa makope unali wopanda kanthu.

"Waona? Ndinausiya kuti utengere kwa kholo, monga mmene Achikulire amatiuzira. Ndalakwa pati?" Anatsegula kholo n'kutsika mpaka pa mzerewo. Anawerenga, n'kuwerenganso. "Njovu? Njovu si tinaizimitsa chaka chatha? Ine ndemwe ndinathandiza kuitsitsa masitepe, msana ukundikumbutsabe mpaka lero."

Mawaya anakoka mpando n'kukhala.

"Ndiye maseva enawa akutumiza bwanji ku Mvuu?" Tayi ankadziyankhulira yekha, akutsegula ana mmodzimmodzi. Wa sukulu, wa kampani ya mabasi, wa ogulitsa zitsulo. Mwa aliyense mzere wa makope unali wolembedwa, ukuloza ku Mvuu, ndipo pambali pake panali dzina la amene anaulemba. Linali dzina limodzi lokhalokha. Anatembenuza mpando pang'onopang'ono. "Mawaya, iwe umadziwa."

"Ndimadziwa."

"Osandiuza?"

"Mwezi umene unamanga sevayi ndinali kuchipatala ndi mwana. Nditabwerako mutu unali usanakhazikike. Sindinaiyang'ane."

"Sindikufunsa zimenezo. Ndikuti bwanji sunakonze kholo? Bwanji kumangoyenda mwa ana n'kumamata zigamba?"

"Mwa kholo amalembamo ndani?"

Tayi anabwezera maso pa sikirini.

Mwa kholo ankalembamo munthu mmodzi yekha, Achikulire. Ndiwo anamanga zonse za pakampanipo, kuyambira nthawi imene maseva ankakwanira pansi pa tebulo lawo. Ndiwonso anamutola Mawaya. Anamupeza ali pa makwerero, akukoka mawaya m'denga pa ganyu, ndipo anamufunsa ngati amadziwa kumene mawayawo amakathera. Iye atayankha kuti ayi, koma amalakalaka atadziwa, anamuuza kuti abwere Lolemba. Anamuphunzitsa zonse mosakalipa, atakhala pambali pake manja atapinda, kuti asamulande kiyibodi. Tsiku limene Mawaya anafufuta mwangozi zinthu za kasitomala adakali wophunzira, Achikulire anazibwezeretsa iye asanamalize kulira, n'kumutuma akawiritse madzi a tiyi. Bambo a Mawaya atagonekedwa m'chipatala komaliza, anali Achikulire amene ankabwera akaweruka kudzakhala naye pabenchi, osalankhula zambiri.

Njovu anali makina akale osungira makope. Atawachotsa, Achikulire anasintha okha mzere wa mwa kholo kuti uziloza ku Mvuu. Patapita miyezi, Mawaya anaona kuti makope a seva ina sakufika. Atafufuza anapeza kuti dzina la Njovu labwerera. Anakawauza, iwo anaseka, namenya pamphumi.

"Ukalamba, mwana wanga. Usadzakalambe."

Anakonza. Posakhalitsa mzerewo unabwereranso kwa Njovu. Ulendo uno sanaseke. Anamuyang'ana ndi maso amene iye sanawaonepo.

"Njovu ili bwinobwino. Wakutuma ndani kuti uzisuzumira mwa kholo?"

Pa zaka zonsezo anali asanamuyankhulepo motero. Koma chimene chinamuopsa Mawaya si mawuwo ayi. Chinali chakuti masana omwewo anabwera pa tebulo lake akusenda lalanje, namugawira theka, n'kumufunsa za mwana, nkhope ili yowala, osakumbuka kuti m'mawa panali mawu. Madzulo ake iye analowa mwa ana onse n'kulemba mzere wa Mvuu mwa aliyense. Kuyambira pamenepo maso ake anayamba kuona zina. Kapu ya tiyi mu kabati ya zipangizo. Achikulire ataima pakati pa khonde, sikuludiraiva ili m'manja, akuiyang'ana ngati wangowapatsira munthu. Iye ankangodutsa mwakachetechete, kubweza kapu, kuwakumbutsa msonkhano ngati akudzikumbutsa yekha.

Chitseko chinatseguka. Achikulire analowa ndi jekete lawo lofiirira ndi chikwama chachikopa chothetheka m'makona, akupuma mwamphamvu chifukwa cha masitepe.

"Ana inu, mwauma bwanji m'mawa uno? Iwe Tayi, wakumasula pakhosi ndani? Mpongozi wanga wakukoka?"

"Ayi, achikulire," anatero Tayi, akuyesa kumwetulira. "Disiki ya a labotale yafa. Makope sakupezeka ku Mvuu."

"Aa, zazing'ono zimenezo. Katengeni ku Njovu. Njovu sinandikhumudwitsepo."

Anapita pa tebulo lawo akuimba mluzu, nakoleka jekete pampando. Tayi anawatsata ndi maso mpaka atakhala. Kenako anayang'ana Mawaya, ndipo ukali umene unali pankhope pake unali utachoka.

Foni ya patebulo inalira. Anali Abwana, akufuna Tayi mu ofesi mwawo.

Tayi anamanga tayi yake bwinobwino asananyamuke. Anawerama pafupi ndi khutu la Mawaya.

"Za iwo sindinena. Ndinena kuti sindinayese makope nditamanga sevayo. Paja n'zoonanso."

"Tayi."

"Nanga ndikanene chiyani? Kuti mkuluyu mutu wayamba kutayikira? Ndikanene ine?"

Ofesi ya Abwana inali ya galasi mbali imodzi. Mawaya ankamuona mnzakeyo ataimirira, manja kumbuyo, mutu utawerama, ndipo Abwana akulankhula osamuyang'ana. Anayesa kugwira ntchito, koma ankangotsegula zinthu n'kuzitsekanso. Anakumbuka kuti mkazi wa Tayi anali woyembekezera, ndipo sabata yapitayo Tayi ankayenda ndi foni tebulo ndi tebulo kuonetsa anthu kabedi kamene anapala yekha, kokhota mwendo umodzi.

Atatuluka, Tayi anapita pamalo pake n'kuyamba kuzula chaja pakhoma. Anatenga kapu yake ndi chithunzi chimene chinkakhala pafupi ndi sikirini.

"Akuti ndikadikire kunyumba mpaka atakambirana," ananong'ona.

Achikulire anasuzumira pamwamba pa magalasi. "Ukupita kuti dzuwa lili pano?"

"Mutu, achikulire."

"Uzimwa madzi. Inu ana a masiku ano mumangomwa zotsekemera."

Mawaya anamva mapazi a Tayi akutsika masitepe, mpaka chitseko cha pansi chitatsekeka. Kenako ananyamula laputopu yake n'kukagogoda kwa Abwana.

Abwana anali mayi wa mawu ochepa, wodziwa makasitomala kuposa makina. Sanamuuze kuti akhale.

"Ngati mwabwera kudzamupepesera, musavutike. Ndayankhula ndi a labotale. Zotsatira za odwala za miyezi yonseyi zapita. Zina ali nazo papepala, zambiri alibe. Pali anthu amene madokotala amayerekeza magazi awo a lero ndi a kale kuti aone ngati mankhwala akugwira. Aziwaitana mmodzimmodzi. Mayi woyang'anira kumeneko sanakalipe n'komwe, anangolira pa foni. Maseva onse ali bwino, yovuta ndi imene anamanga iyeyo yokha. Ndiye ndiganize chiyani?"

"Enawo ali bwino chifukwa ndinawaphimba ine."

"Sindinamve."

Mawaya anaika laputopu patebulo n'kuwaonetsa. Anayambira pa kholo, natsikira kwa ana, kenako kwa mwana wa a labotale, momwe Tayi anasiya mzere wopanda kanthu monga mwa lamulo. Ananena za ulendo woyamba, za wachiwiri, za lalanje. Mawu ankatuluka owuma, ngati akuwerenga za anthu ena. Atamaliza, Abwana anavula magalasi n'kuwaika pamapepala.

"Ndipo inu munaona kuti n'kwabwino kukhala chete."

"Ndinkaganiza kuti ndikwanitsa kumayenda m'mbuyo mwawo."

"Munaona dzenje pakhomo, inu n'kuyalapo nsalu. Amene wagweramo ndi Tayi, ndi anthu odwala amene sitikuwadziwa n'komwe."

"Eya."

Abwana anayang'ana kudzera pagalasi. Tebulo la Achikulire linali lopanda munthu, jekete lokha lili pampando.

"Mwezi watha anandifunsa kuti amuna anga akupeza bwanji," anatero motsitsa mawu. "Pa maliro awo ananyamula nawo bokosi. Ndinangoti zikomo, n'kupitiriza kulemba." Anavalanso magalasi. "Nkhani yanu siinathe, tikambirana mawa. Muimbireni Tayi abwerere. Achikulire ndiwaitana masana."

"Ndiloleni ndiwauze ine."

"Mukwanitsa?"

"Sindikudziwa. Koma asamvere mu ofesi muno, ataimirira."

Mawaya anawapeza Achikulire m'chipinda cha maseva. Munkazizira ngati mu firiji, mafani akulira osalekeza, timagetsi tobiriwira tikuphethira m'mizere. Achikulire anali ataima kutsogolo kwa shelefu yachitsulo ya kumapeto, pamene panali malo aakulu opanda kanthu. Anali atalowetsamo dzanja, akusisita fumbi.

"Mwana wanga, pano panali chinthu."

"Panali Njovu, achikulire. Tinaichotsa chaka chatha. Munaizimitsa ndinu."

"Ine?"

"Munati yatumikira mokwanira, ikapume. Tayi anayamba kulira mwachinyengo, inu munamugenda ndi chipewa."

Achikulire anamwetulira pang'ono, ngati munthu womva nkhani yabwino ya anthu ena. Mawaya anakoka bokosi la zipangizo kuti akhalepo, naika laputopu pamaondo awo, iye n'kugwada pambali.

"Ndikufuna muone china chake. Muwerenge nokha."

Anatsegula mbiri ya kholo, momwe kusintha kulikonse kunkalembedwa ndi dzina la wosintha. Achikulire anakankhira magalasi m'mwamba, nayika chala pa sikirini monga ankachitira nthawi zonse. Chalacho chinatsika. Mvuu, dzina lawo. Njovu, dzina lawo. Mvuu. Njovu. Chinaima pamenepo. Iye sanawafotokozere kalikonse. Anthu ngati iwo sankafunika kuwafotokozera mzere. Anatsegula okha ana, mmodzi pambuyo pa mnzake, ndipo m'zala zawo munali changu chonse cha kale. Pomaliza anatsegula wa a labotale, nayang'ana mzere wopanda kanthu uja.

"Tayi sanalakwe," anatero.

"Sanalakwe."

"Ndipo iwe wakhala ukusesa m'mbuyo mwanga."

"Eya."

"Ndinakuphunzitsa zimenezi ine?"

"Ayi."

"Ndinati chiyani?"

"Munati cholakwika chikakhala mwa kholo, ukonze mwa kholo."

"Nanga?"

"Ndinaopa."

"Unaopa ine?"

"Ndinaopa tsiku la lero."

Achikulire anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya malaya, ngakhale anali oyera.

"Anthu a magazi aja ataya zochuluka bwanji?"

"Zonse, chiyambire."

Achikulire anaphimba nkhope ndi dzanja limodzi. Mafani ankangolira. Mawaya anaona kuti khosi lawo lawonda, kolala ya malaya ikuzungulira patali, ndipo anadabwa kuti zimenezi sanazione kale, iye amene ankati akuona zonse.

"Masiku ena," anatero dzanja lidakali kumaso, "ndimakhala pa tebulo langa, zilembo ndikuziona bwinobwino, koma zimakhala ngati ndalowa m'nyumba ya eni. Ndimangodikira. Kenako zimabwerera. Ndinkati n'kutopa."

"Mwina adokotala angathe..."

"Taima." Anakoka laputopu. "Ndichite ichi ndidakali muno, ndisanatulukenso."

Analemba pasiwedi yawo yaitali, ndipo inalola ulendo woyamba womwewo. Anapita pamene panalembedwa amene ali ndi chilolezo cholemba mwa kholo. Analembapo dzina la Mawaya, ndi la Tayi pansi pake. Kenako anaika chala pa dzina lawo, nakhala choncho kanthawi, n'kulifufuta.

"Mukhale awiri. Munthu mmodzi asamakhale yekha pamwamba paja, ndinalakwa pamenepo. Seva ya a labotale uikonze lero. Kholo ukonze mawa, maso atauma." Anamubwezera laputopu. "Ndithandize kudzuka, miyendo yachita dzanzi."

Kwa Abwana Achikulire anakalowa okha, atavala jekete. Sanakhalitse. Mawaya anaona pagalasi Abwana akuimirira, kuzungulira tebulo, n'kuwagwira dzanja ndi manja awiri. Tayi anali atabwerera, ndipo anawanyamulira chikwama mpaka pansi, akulankhula za mvula ndi za mpira, chilichonse chimene chinamubwerera pakamwa. Abwana anapereka galimoto ya kampani, Mawaya n'kuwaperekeza.

Nyumba yawo inali kumapeto kwa msewu wa fumbi, ya mpanda wa maluwa ndi khonde lopolisha. Akazi awo anali akuanula zovala pachingwe. Ataona galimoto masana otero, ndi amuna awo akutsika chikwama atachikumbatira pachifuwa, anasiya malaya ali pachingwe ndi pegi imodzi.

"Mwaweruka msanga, bambo."

"Ndapuma ntchito, mayi. Andiperekeza ndi galimoto ngati nduna." Analowa m'nyumba osaima.

Mayiwo anamuyang'ana Mawaya, namulozera mpando wa pakhonde. Anakhala pambali pake, akupinda thaulo pamaondo, kulifunyulula, n'kulipindanso.

"Aononga chinthu?"

"Eya, amayi. Koma si okha. Inenso ndinaona, ndinabisa."

"Nawenso." Anapuma mozama. "Ine m'mawa uliwonse ndimawatsata chapatali mpaka pokwerera basi, kuti ndione ngati akwera yoyenera. Ndimabisala kuseri kwa kagolosale kaja ngati wakuba. Mwini golosale anafika pondipatsa mpando."

"Kuchipatala munapita?"

"Tinapita kalekale. Adokotala anatiuza dzina la matendawo, anatinso sabwerera m'mbuyo. Tikutuluka anandigwira mkono, akuti usauze anthu a kuntchito, ndikawauza ndekha ndikakonzeka. Ndinalonjeza. Sabata isanathe anali ataiwala kuti tinapitako. Ine ndinatsala ndi lonjezo, mwini wake atalitaya." Anaseka pang'ono, misozi ikutsika. "Ndikanakuimbira, mwana wanga. Nambala yako ndili nayo. Ndinkaitsegula n'kuitsekanso."

"Inenso yanu ndili nayo."

M'nyumba munamveka mpopi ukutseguka, ndi mawu a Achikulire akufunsa kumene kuli sopo. Mayiwo anapukuta maso ndi thaulo lija n'kudzuka.

"Ali pomwe amakhala, bambo. Ndikubwera."

Mawa lake Mawaya ndi Tayi anakhala pa sikirini imodzi. Anakonza mzere wa mwa kholo, wina akulemba, wina akuwerenga mokweza. Kenako analowa mwa ana n'kuyamba kuchotsa zigamba zija, kuti onse azitengeranso kwa kholo. Akachotsa chimodzi ankatumiza kope, n'kupita ku Mvuu kukaona ngati lafika, n'kulibwezeretsa kuti atsimikize. Inawatengera masiku. Powerenga kholo lonse anapezamo tina ting'onoting'ono, chilolezo cha munthu amene anasiya ntchito kale, ndi mzere umodzi wolembedwa kawiri. Zina zonse zinali zaukhondo, mzere uliwonse uli ndi kachiganizo kofotokoza chifukwa chake, m'mawu a Achikulire enieni. Tayi sanachite nthabwala sabata yonseyo.

Abwana anamupatsa Mawaya chenjezo, ndipo anamutuma kuti akaonekere yekha kwa a labotale. Anapita. Anadutsa pakati pa anthu okhala pamabenchi, ena atapinda mkono pa kathonje, ndipo sanadziwe kuti ndi angati mwa iwo amene anabwera kachiwiri chifukwa cha iye. Mayi wa kumeneko anamumvetsera mpaka kumapeto, nati zikomo pobwera, koma seva yawo aisamutsira kwina mwezi ukatha.

Lolemba lotsatira, m'mawa, mlonda wa pansi anaimba foni.

"Achemwali, tatsikani. Kuli Achikulire kuno."

Anawapeza ataima pa chitseko cha masitepe, atavala jekete lofiirira, nsapato zopolishidwa, chikwama m'khwapa. Ankagunditsa khadi lawo lotsegulira chitseko pa kabokosi ka pakhoma, kagetsi kofiira n'kuyaka, iwo n'kupukuta khadilo pa jekete n'kuyesanso. Mlonda anali ataima patali, akuyang'ana pansi.

"Wabwera bwino, mwana wanga. Khadi langali lafa. Kapena ndi kabokosika? Tatsegula, ndachedwa kale."

Mawaya anali ndi khadi lake m'manja. Kukanakhala kosavuta. Akanatsegula, n'kunena kuti kabokosiko kakuvuta masiku ano, n'kuwakhazika pa tebulo lawo ndi kapu ya tiyi mpaka masana. Mawuwo anali atafika kale pamlomo. Analowetsa khadilo m'thumba.

"Khadi silinafe, achikulire. Munapuma ntchito sabata yatha."

Anamuyang'ana. Maso awo anayenda pankhope pake, kufunafuna pamene pabisala nthabwala.

"Andichotsa?"

"Ayi. Munasankha nokha. Munaona kuti mutu wayamba kukuvutani, ndiye munatipatsa kholo ine ndi Tayi, n'kufufuta dzina lanu ndi dzanja lanu. Palibe anakuuzani."

Anayang'ana khadi, nalitembenuza, nayang'ana chithunzi chawo cha zaka zambiri zapitazo, tsitsi lidakali lakuda.

"Ndinatero?"

"Munatero."

"Ndiye ndinachita bwino," anatero motsitsa. Anatsegula chikwama n'kuikamo khadilo mosamala, m'kathumba ka m'kati. "Nanga tsopano ndipite kuti?"

"Tikhale apa kaye. Ndiwaimbira amayi."

Mlonda anabweretsa benchi yake n'kuipukuta ndi chipewa. Mawaya anaimba, ndipo mayiwo anayankha foni isanalire kawiri, akupuma mothamanga. Anati anangolowa kubafa pang'ono, potuluka anapeza pakhomo pali potsegula. Anali kale m'basi.

Anakhala pabenchipo awiriwiri, moyang'ana msewu. Anyamata a sitolo ya mipando ankatulutsa masofa kuwandanda panja. Pamwamba foni ya pa tebulo la Mawaya inkalira, ikumveka pawindo, n'kusiya, n'kuyambiranso.

"Foni yako iyo," anatero Achikulire. "Pita, kasitomala sadikira."

"Tayi ayankha."

Anagwedeza mutu, naika chikwama pamaondo, manja onse awiri pamwamba pake. Basi inaima kutsidya kwa msewu, anthu anatsika, koma mayiwo munalibe. Anadikira ina.